Gombeza la zigamba, mmene tinkasokera kunyanja kuno

Anthu akumtunda, a ku Dowa ndi ku Dedza, amaganiza kuti ife a ku Salima sitidziwa chisanu. Amabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, n'kutipeza tikugona panja pamikeka, basi n'kubwerera kwawo kukafalitsa zoti kunyanja munthu sasowa chofunda. Adzayesere kubwera mu Juni kapena mu Julaye, mwera utakwiya. Mphepo imeneyi imayenda pamwamba pa madzi usiku wonse, ndipo ikalowa m'nyumba yaudzu imafika mpaka m'mafupa. Asodzi amakokera mabwato kumtunda masiku angapo, ndipo amene wachita liuma n'kupita ku usipa amabwera mbandakucha akunjenjemera mpaka mano kuwombana. Chofunda chinkafunika, adzukulu anga, ndipo bulangeti la m'sitolo silinali la aliyense. Izi mukuziona lero ngati zotayitsa nthawi ndi zokongoletsera nyumba, zodula zitenje tizidutswatizidutswa n'kuzilumikizanso, kwathu kuno zinayamba ndi mphepo imeneyi.

Ine ndinabadwira m'dera la mfumu Maganga, kufupi ndi Senga Bay, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangoyamba. Agogo anga akuchikazi, amene anandilera, anakula akuvala nyanda. Ankasimba kuti amuna ankapita kuthengo kukasenda khungwa la mombo kapena la kachere, n'kuliviika m'madzi, kenaka n'kulisula pachipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Nyanda sinkachedwa kubooka, makamaka ikavumbwa ndi mvula. Ikabooka ankadula kachidutswa ka nyanda ina n'kuphatikapo ndi luzi lopota. Ikafunika yaikulu yofunda anthu awiri, ankalumikiza zingapo. Choncho musalole wina akuuzeni kuti luso lolumikiza zidutswa linabwera ndi azungu. Masingano achitsulo ndi masizasi ndiwo anachita kubwera, koma manja anali ozolowera kale.

Nsalu yeniyeni inabwera pamadzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 ku Nkhotakota kunakhazikika Jumbe, Mswahili wamalonda, ndipo zombo zamatanga zinkawoloka nyanja kupita kutsidya ndi kubwerako. Kwathu kunonso, cha ku Lifuwu, kunali dooko lowolokera. Pobwera amalonda ankanyamula mikanda, mfuti, wonga ndi nsalu: yoyera ya merikani, yochokera ku mafakitale a ku America kudzera ku Zanzibar, ndi yakuda ya kaniki, ya ku India. Popita ankanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Agogo akafika pamenepa ankatsitsa mawu. Atsibweni awo anagwidwa akadali mnyamata, akuchokera kokavuula miono, ndipo palibe amene anawaonanso. Tsiku lina atandiona ndikukoka nsalu pafumbi anandigwira mkono nati, "Iwe mwanawe, nsalu yotereyi anthu ankasinthana ndi munthu wamoyo." Malonda oipawo anatha m'zaka za m'ma 1890, koma mwa agogo munatsala kuopa nsalu. M'nyumba mwawo kansalu kokwana pachikhatho sikankasesedwa pamodzi ndi zinyalala.

Nsalu imodzi inkagwira ntchito zambiri isanatchedwe nsanza. Ikakhala yatsopano inali chilundu chopitira ku tchalitchi, ku ukwati ndi kumaliro. Ikayamba kusuluka inkapita kumunda ndi kudooko. Kenaka inkakhala mbereko, kenaka matewera, ndipo pomaliza nkhata yosenzera mtsuko. Koma isanafike pamenepo amayi ankaiyang'ana padzuwa kuti aone pamene patsala mphamvu. Pakati ndi pamene pankatha msanga, pokhalira ndi pomangira. M'mphepete ndi m'makona munkatsala molimba. Mmenemo ankadulamo n'kusunga mumtsuko wong'aluka umene sunkathanso kusunga madzi, n'kuvindikira kuopa makoswe ndi chiswe.

Njanji inafika ku Salima mu 1935, kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka, ndipo sitima ya pamtunda inkathera pomwepa. Tauniyi inakula chifukwa cha njanjiyo. Amwenye anamanga masitolo, ndipo pamashelefu nsalu zinkasanjikizana mpaka kudenga: biriwita, khaki, merikani, ndi zamaluwa zochokera ku England, ku India ndi ku Japan. Mmwenye ankayeza ndi ndodo ya yadi, n'kuboola pang'ono ndi sizasi, n'kung'amba ndi manja. Phokoso la kung'ambikako ndimalimvabe. Ukatuluka m'sitolo sunkapita patali, chifukwa pakhonde pomwepo pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi mapazi. Ambiri mwa matelala amenewa anali Ayao achisilamu, anthu aukhondo, ovala mikanjo yoyera, tepi ili m'khosi.

Pansi pa makinawo ndi pamene panali chuma chathu ife atsikana. Tikapita kukagulitsa usipa wouma kapena mango, tinkazungulira pakhonde paja n'kugwada patali. "Zikomo bambo, tingakuseserenipo?" Telala wina ankangogwedeza mutu osasiya kupalasa, ife n'kusesa khonde lonse, n'kumutungira madzi a swala, ndipo malipiro athu anali timapisi togwa pansi. Wina ankafuna kambale ka usipa. Wina, amene anali ndi ana ake aakazi, ankatiuza mosabisa kuti timapisi tili ndi eni ake. Nyengo yabwino inali yogulitsa thonje, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene alimi anali ndi masheleni m'thumba ndipo mwamuna aliyense wofuna mtendere pakhomo ankagulira mkazi wake nsalu. Makina ankalira mpaka mdima. Pafupi ndi Idi tinkapeza zidutswa zoyera za mikanjo, pafupi ndi Khirisimasi zamaluwa za madiresi. Onani mmene zinkagwirizanirana: mwezi umene thonje likugulidwa ndi womwewo umene timapisi tikuchuluka, ndi womwewonso umene mwera ukuwomba ndipo kumunda kulibe ntchito yambiri. Nthawi yosoka inkadzisankha yokha.

Ndisakunamizeni kuti zigamba zinali zonyaditsa. Chigamba pa kabudula kapena pa diresi chinali chizindikiro cha usiwa, ndipo ana kusukulu ankasekana nacho mopanda chifundo. Njala ya 1949 inavuta kwambiri kummwera, cha ku Blantyre, koma nafenso inatikhudza. Ndinaona amayi akusinthanitsa chilundu chawo chabwino ndi chinangwa chouma. Ndinaona anthu akumtunda akutsikira kunyanja kudzafuna nsomba atavala ziguduli zoboola pakhosi. Amene anaona chaka chimenecho sankafuna kuti mlendo adziwe zoti m'nyumba mwawo amafunda zigamba. Kukabwera alendo, gombeza lotere linkapindidwa msanga n'kuikidwa kuseri, ndipo mlendo ankapatsidwa bulangeti la m'sitolo, ngakhale lobwereka kwa anansi.

Ine anandiphunzitsa anthu awiri. Woyamba anali azakhali anga, amene pa utsikana wawo anakhalako ku Mvera, kumtunda kwa phiri uko, kumene amishoni ochokera ku South Africa anakhazikitsa mishoni mu 1889. Kumeneko atsikana ankaphunzira kugwira singano, ndipo azakhali anabwerako ndi lamulo loti chilichonse chiyezedwe. Ankadula chikatoni cha sopo kukhala cha makona anayi ofanana, n'kumachiika pansalu iliyonse, n'kulemba mozungulira ndi khala. Amayi a Chigwirizano akamaliza mapemphero awo, azakhali ankatsala ndi angapo pansi pa mtengo kuwaonetsa zimenezi. Wachiwiri anali mayi wachiyao woyandikana nafe, amene ana tonse tinkawatchula kuti anganga. Iwo analibe chikatoni. Ankatenga kachidutswa mmene kabwerera kuchokera kwa telala, kaya n'kosongoka, kaya n'kataliatali, n'kukafunira kanzake kogwirizana nako. Msoko wawo unali waung'ono kwambiri, wofanana ndi umene amuna awo ankasokera zisoti. Awiriwa sankagwirizana pa kasokedwe, koma ankabwerekana singano.

Singano yeniyeniyo inali chinthu chosunga ngati ndalama. Tinkaibisa m'kabango kotseka ndi chitsononkho, ndipo ikagwa mumchenga ntchito yonse inkaima mpaka ipezeke. Ulusi wogula unali wa madiresi okha. Wa gombeza tinkasolola ku matumba a nsalu a ufa ndi a mchere, n'kuupota pantchafu, n'kuupaka phula la njuchi kuti usaduke kapena kupiringizika. Sizasi inali imodzi mudzi wonse, motero nthawi zambiri tinkadula ndi lezala. Chala chokankhira singano tinkachikulunga ndi kachikopa.

Chinthu choyamba chinali kuchapa chidutswa chilichonse, ngakhale chatsopano chochokera pansi pa makina. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ukailumikiza ndi yakale isanafupike imakoka inzakeyo n'kuing'amba pamsoko. Zofiira ndi zakuda tinkaziviika pazokha m'madzi amchere, chifukwa kaniki akatulutsa mtundu wake amadetsa zoyera zonse zoyandikana naye. Zikauma tinkazisita ndi nsimbi yamakala, kapena, amene analibe, kuziyala pansi pa mphasa n'kugonapo. Polumikiza tinkayang'anitsana nkhope za zidutswa ziwiri, n'kusoka chakumbuyo kwake, singano ikupita patsogolo n'kubwerera pang'ono mmbuyo kuti msoko usamasuke. Tinkayamba ndi mizere italiitali, kenaka mzere ndi mzere, mpaka nsalu itakwana pamphasa. Pa makona pamene zidutswa zinayi zikumana ndi pamene azakhali ankayang'ana. Akapeza kuti zaphonyana ankangokupatsa lezala osanena kanthu.

Nsalu ya zigamba payokha sifunditsa. Kumbuyo kwake tinkaikako matumba a nsalu oyera, amene tinkawaphika ndi phulusa kuti zilembo zifufutike. Pakati ena ankayalapo thonje lodetsedwa limene ku msika ankaligula motchipa, atachotsa njere ndi manja. Limeneli linkatentha bwino, koma likachapidwa linkaundana m'makona n'kusiya pakati popanda kanthu. Chabwino chinali bulangeti lakale lothetheka, limene palokha linali litatha ntchito. Tinkayala zitatuzi pabwalo losesa, miyala m'makona kuopa mphepo, ndipo amayi atatu kapena anayi ankakhala mozungulira. Azakhali ankaboola pa kona iliyonse ndi ulusi wopota kawiri n'kumanga mfundo. Anganga ankayendetsa singano mizeremizere kuchoka uku kufika uko, ntchito yotenga masabata, koma gombeza lawo linkapirira zaka zochuluka kuposa lathu. Pomaliza tinkapinda m'mphepete ndi nsalu yakuda, chifukwa m'mphepete ndi mmene mumagwira thukuta la m'khosi.

Kuchapa kwake kunali ntchito ya anthu awiri. Likanyowa linkalemera moti mmodzi sakanatha kulifinya. Tinkalichapa kunyanja mu Okutobala n'kuliyanika pamchenga wotentha tsiku lathunthu, chifukwa nsikidzi zimakonda kubisala m'misoko, ndipo mchenga wa mwezi umenewo suzisiya zamoyo.

Tsopano mverani chimene chinkachititsa kuti gombeza lobisidwa kwa alendo likhale lokondedwa ndi eni nyumba. Masiku amenewo amuna ambiri kunalibe. Ena anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury, ku Bulawayo ndi m'mafamu a fodya a ku Rhodesia. Amene ankakumbukira kwawo ankatumiza mtokoma, ndipo mkazi wolandira bulangeti la ku Joni ankaliyanika pamalo oonekera kuti mudzi wonse udziwe. Koma ena ankatchona. Atsibweni anga aang'ono anachoka ine ndili wamng'ono, anatumiza kalata kangapo, kenaka zii. Anasiya malaya amodzi amizeremizere. Agogo anawasunga zaka zambiri akuti mwini wake adzawapeza, ndipo atataya mtima anawadula okha n'kupereka zidutswazo kwa amayi. Zinalowa m'gombeza limene ine ndi abale anga tinkafunda.

Usiku koloboyi asanazimitsidwe agogo ankakhala pambali pa mphasa yathu, chala chikuyenda pa zigamba. "Aka ndi ka diresi la amako la pa ukwati. Aka ndi ka mbereko imene ndinaberekera mlongo wako uja anamwalira ndi chikuku. Aka ndi ka khaki wa agogo ako aamuna, amene anavala popita kukagwira ntchito ya njanji. Aka ndi ka atsibweni ako ali ku Salisbury." Sankanena kuti anatayika, ankati ali ku Salisbury. Kwathu kunalibe zithunzi, ndipo agogo sankadziwa kulemba. Mayina a abale amene sindinawaonepo ndinawaloweza pogwira nsalu zawo, ndipo mpaka lero ndikatchula dzina la munthu wa m'banja mwathu ndimaona kaye mtundu wa nsalu yake. Maliro akachitika, mwambo wometa ukatha ndipo zovala za malemu zagawidwa, amayi ankapempha kansalu kamodzi kokha, ngakhale kothaitha kamene ena sankakafuna. Abale ankadziwa kumene kakupita ndipo sankakaniza.

Zinthu zinasintha titalandira ufulu mu 1964. Pasanapite zaka zambiri kampani ya David Whitehead inatsegula fakitale ya nsalu ku Blantyre, ndipo zitenje za Whitex zinadzaza m'masitolo. Kuno kwathu ulimi wa thonje unakula. Kunabwera pulojekiti ya Ajeremani yotukula dera la kunyanja, alangizi anatiphunzitsa kupopera mankhwala, ku Chitala kunali ofufuza za mbewu, ndipo kuyambira 1971 tinkagulitsa ku ADMARC n'kulandira makwacha m'malo mwa mapaundi. Ine ndi agogo anu aamuna tinkalima thonje. Ndinkati ndikaona mabelo akukwezedwa m'sitima, kenaka n'kugula chitenje m'sitolo, mtima unkandiuza kuti mwina ulusi wina mmenemo unachokera m'munda mwanga. Mu 1973 boma linaika lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo, lamulo limene linakhalapo mpaka 1993, ndipo m'zaka zonsezo mkazi sankachoka pakhomo wopanda chitenje m'chiuno kapena m'chikwama. Kunabweranso zitenje za ku Zambia, za ku Tanzania ndi za ku Zaire, ndi zodula zija za java, zimene Adatchi a ku Helmond anayamba kudinda potengera luso la anthu a ku Indonesia.

Apa ndi pamene kusoka zigamba kunayamba kutikoma pakokha. Mabulangeti a Chiperoni anali atafika pamtengo woti mlimi wa thonje n'kugula, motero chisanu sichinalinso chotikakamiza. Koma timapisi ta m'zaka zimenezo! Tachikasu, tobiriwira, tofiira, ta maluwa aakulu, ta nsomba, ta mbalame, ta mawilo. Munthu sukanatha kutiona pansi n'kutisiya. Tinayamba kukumana masana pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kathumba kake, n'kumasinthana. "Mlamu, muli ndi kobiriwira kakuda? Ndikupatsani tachikasu tiwiri." Mlangizi wamkazi wa zapakhomo ankabwera panjinga kudzatiphunzitsa kusoka malaya a ana ndi kuphika, ndipo ataona magombeza athu anatilimbikitsa kuti tizipita nawo ku zionetsero. Chinthu chimene kale chinkabisidwa kuseri chinayamba kuyalidwa pabedi chitseko chili chotsegula.

Zitenje zowala zili ndi vuto lake, ndipo ambiri a inu simunalidziwe. Nsalu iliyonse inapangidwa kuti ioneke yokha pathupi la munthu. Mukaika zisanu zotero pamodzi, zonse zikufuula, diso limatopa ndipo palibe imene imaoneka. Pamafunika nsalu yopanda maluwa pakati, yakuda kapena yabuluu wakuda, kuti diso lipumirepo. Ife tinkagwiritsa ntchito kaniki, khaki kapena zotsala za mayunifolomu a sukulu. Duwa lalikulu musalidule pakati ngati mungathe. Dulani chidutswa chachikulu kuti likhale lathunthu, ndipo tating'ono tilizungulire. Yoderako iyandikane ndi yowala. Musanasoke yalani zonse pansi, muchoke mukaime pakhomo, muyang'ane muli patali maso mutawatsinzina pang'ono. Pamene pakuoneka mdima wokhawokha kapena kuwala kokhakokha, sunthani. Ine ndinkatha kusiya zidutswa zili choyala usiku wonse kuti ndizionenso ndi maso a mmawa.

Panali nsalu imodzi imene sizasi sinkaiyandikira. Amayi tonse tinali mbumba, ndipo povina pamaso pa Ngwazi tinkavala chitenje chokhala ndi nkhope ya Kamuzu. Ngakhale chisuluke bwanji, palibe amene ankayerekeza kuchidula, kuchisandutsa thewera kapena kuchiika poti munthu angagonepo. Tinkachipinda n'kuchisunga pansi pa sutikesi. Zipani zambiri zitabwera, pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, nsalu zankhope zinachuluka: zachikasu, zabuluu, za tambala wakuda, kuwonjezera pa za mipingo, za mabungwe, ndi ija imene anzathu achikatolika anasunga Papa John Paul atabwera mu 1989. Ndili nalo gombeza limene zipani zitatu zili mu mzere umodzi, chifukwa ana anga atatu aliyense anabweretsa ya chipani chake, ndipo ine ndinaona kuti mitundu yake ikugwirizana.

Koma ndadumpha. Pofika 1978 boma linali litalamula kuti Amwenye achoke m'matauni aang'ono n'kukachitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo a ku Salima analowa m'manja mwa ena, ena anakhala otseka, ndipo matelala amene anakalambira pamakonde aja anasamutsira makina awo kumsika ndi pansi pa mitengo. Chimene chinawamaliza ndi kaunjika. M'zaka za m'ma 1990 mabelo a zovala zakale za kunja anadzaza pa Kamuzu Road ndi m'misika yonse, diresi losokasoka n'kutchipa kuposa yadi ya nsalu. Sindinyoza kaunjika, pakuti anaveka ana amasiye ambiri m'zaka zimene matenda aja ankatha makolo, ndipo ine ndinalera adzukulu anayi ndi zovala zimenezo. Koma telala anatsala ndi ntchito yochepetsa ndi kukonza mazipi, fakitale ya ku Blantyre inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo pansi pa makina panalibenso chotola. Anzanga a pansi pa mango anamwalira mmodzimmodzi. Ndinkaganiza kuti lusoli lithera pa ife.

Linabwerera kudzera njira imene sindinkaiyembekeza. Alendo obwera m'mahotela a ku Senga Bay anayamba kufuna zikwama, mathalauza ndi zoyala pabedi za zigamba za zitenje, ndipo anyamata ogulitsa ziboliboli anayamba kuzipachika pambali pa katundu wawo. Matelala anasiya kutaya timapisi, tsopano amatigulitsa pa thumba. Mmodzi wa inu, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, anagula makina amagetsi ndipo Loweruka lililonse amasoka, akuti mutu umapepuka. Iyeyo ndiye anandionetsa pafoni magombeza a amayi a ku Gee's Bend, ku Alabama, zidzukulu za akapolo olima thonje, amene ankasoka ndi mathalauza akuntchito a amuna awo. Kuyambira 2002 magombeza awo akhala akupachikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York. Anandionetsanso a anthu otchedwa Siddi a ku Karnataka, ku India, amene makolo awo anatengedwa ku Africa kuno. Iwo amayambira m'mphepete n'kumasoka mozungulira mpaka kukathera pakati, kachidutswa kalikonse kakulowa mmene kalili. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Kasokedwe kake kanali ka anganga aja, ndipo ndinakumbuka atsibweni a agogo amene anakwezedwa m'chombo.

Ndimakondwera kuti mukusoka. Kugula chitenje chatsopano n'cholinga chochidula kumandiwawabe m'mimba, chifukwa ndinaleredwa ndi munthu amene ankatola ulusi pansi, koma ndalama ndi zanu ndipo zimene mumapanga n'zokongola kuposa zathu. Makona anu amakumana bwino, azakhali sakanakupatsani lezala. Chimene ndimadandaula n'chakuti ndikayendetsa chala pa gombeza lanu sindipezapo munthu. Nsalu zonse zinachokera m'sitolo tsiku limodzi, ndipo palibe inaberekapo mwana, inapitapo kumaliro, kapena inanyowapo ndi thukuta la m'munda wa thonje. La kugulitsa kwa alendo likhale lotero, palibe kanthu. Koma la m'nyumba mwanu, limene ana anu adzafunda, likhale ndi diresi la amanu, malaya a atate anu, yunifolomu yanu ya ku pulayimale. Muli ndi zithunzi zambiri m'mafoni, ndikudziwa, koma mafoni anu ndawaona akutayika ndi kugwera m'madzi, zithunzi n'kupita nawo.

Chenjeraninso ndi nsalu za masiku ano. Zambiri zowala kwambiri pamsika si za thonje, ndi chikomekome cha mkuyu. Zimaterera pansi pa singano, zimanyeka ndi nsimbi, zimatenthetsa mu Okutobala koma osafunditsa mu Julaye, ndipo zikalumikizidwa ndi za thonje zimakokana pochapa. Musanagule pemphani kaulusi ka m'mphepete mukayatse ndi machesi. Ka thonje kamayaka n'kusiya phulusa lofewa lopukutika ndi chala. Kosakhala ka thonje kamasungunuka, kamanunkha pulasitiki, n'kuuma kampira kakuda. Yang'ananinso kumbuyo kwa nsalu: yabwino mtundu wake umalowerera mbali zonse ziwiri.

Maso anga salowetsanso ulusi pasingano, amandilowetsera ndi ana a sukulu oyandikana nawo, koma manja akugwirabe. Ndayamba lina la mdzukulutuvi amene akubadwa chaka chino, ndipo zowala ndili nazo zokwanira. Zikusowa ndi zakuda ndi zakale. Pobwera pa Khirisimasi aliyense wa inu atenge chovala chimodzi cha thonje chimene anasiya kuvala, chochapa bwino. Musachidulire konko. Tidzachiyang'ana limodzi padzuwa kuti tione kaye pamene patsala mphamvu.